Nyimbo ya Lamulungu Imayamba Lolemba

Inu amene mumaima kutsogolo kwa kwaya m'mipingo ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Kande ndi ku Chintheche, kukwera ku Mpamba, mpaka ku Usisya kumene sitima ya Ilala imakocheza, mawu awa ndi anu. Ambiri a inu simunapondeko kusukulu ya nyimbo, ndipo palibe amene amakulipirani. Anthu anangoona kuti khutu lanu limagwira pamene ena aphonya, basi akulu a mpingo n'kunena kuti, "Ada, tithandizeni," kapena "Ama, anawa akhale m'manja mwanu." Kuyambira tsiku limenelo mwasenza katundu amene anthu ochepa okha amadziwa kulemera kwake. Ntchito yanuyi ndi yaikulu, abale anga, ndipo ntchito yaikulu sigwiridwa mongoyerekeza.

Pali chizolowezi chimene chatilowerera m'mipingo yambiri. Lamulungu m'mawa belu lalira kale, akwaya aunjikana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, wina akumanga mpango, wina akufunafuna kope, ndiye pakumveka funso lakuti, "Kodi lero tiimba iti?" Nyimbo imasankhidwa pomwepo, chiimirire. Mlaliki akalalikira za kukhululukirana, kwaya imaimirira ndi nyimbo ya chiweruzo. Amayi a Umanyano akaimba nyimbo yawo, achinyamata amabwera ndi yomweyo chifukwa panalibe amene anafunsa mnzake. Makwaya asanu amafuna nyimbo ziwiriziwiri, mapemphero amafika masana, agogo amene anayenda mtunda wautali ndi njala amayamba kutuluka mmodzimmodzi mawu a Mulungu asanawerengedwe. Tikafunsidwa timati Mzimu atitsogolera. Zoona, Mzimu amatsogolera. Koma Mzimu yemweyo aliponso Lolemba, aliponso Lachitatu, ndipo amakondwera ndi munthu amene wakhala pansi ndi kope ndi cholembera kuti anthu a Mulungu adzadye chakudya chophikidwa bwino.

Tsegulani buku loyamba la Mbiri, mutu 25, muone mmene oimba a m'nthawi ya Davide ankayendetsera zinthu. Analipo 288, onse ophunzitsidwa, ogawidwa m'magulu 24 a anthu 12, ndipo gulu lililonse linkadziwa nthawi yake. Pogawana ntchitoyo anachita maere mosasiyanitsa wamkulu ndi wamng'ono, mphunzitsi ndi wophunzira. Bwererani ku mutu 15 mukapeze Kenaniya, amene anamuika kuyang'anira kuimba chifukwa anali waluso. Kuyambira kalekale, kuimba m'nyumba ya Mulungu kunali ndi ndandanda, kunali ndi maphunziro, kunali ndi wotsogolera wodziwa chimene akuchita. Inu mwalowa m'malo mwa anthu amenewo.

Ndipo musapite kutali kukafuna chitsanzo. Onani anyamata a malipenga a kwanu komweko. Boma la malipenga likamva kuti likukapikisana ndi mudzi wina, silidikira tsiku lenileni. Madzulo aliwonse ng'oma imalira pabwalo, mapazi amabwerezedwa mpaka mzere wonse uziponda ngati munthu mmodzi, zovala zoyera zimachapidwa n'kusitidwa, aliyense amadziwa malo ake ndi udindo wake. Amatero pofuna kuti mudzi wawo usachite manyazi. Nanga ife amene tikunena kuti tikuimbira Mwini moyo, tingapereke zochepa kuposa pamenepa?

Choncho yambani Lolemba. Pitani kwa abusa kapena kwa mkulu wa mpingo amene adzalalikire, mukagogode n'kufunsa mwaulemu kuti, "Abusa, Lamulungu likubwerali muwerenga pati?" Mwina tsiku loyamba adzadabwa, mwina adzati sanakonzeke. Musafooke. Pitaninso sabata yotsatira. Posachedwa mudzaona kuti funso lanu layamba kuthandiza iwonso kukonzekera msanga. Mukalandira ndimeyo, iwerengeni nokha kunyumba, mofatsa, kawiri kapena katatu, ndipo mudzifunse kuti munthu akamva mawu amenewa mtima wake udzafuna kuyankha chiyani. Yankho limenelo ndiye nyimbo yanu. Nyimbo yolowera iitane anthu ndi kuwasonkhanitsa mitima. Yotsogolera ulaliki ikhale yofatsa, yotsegula makutu. Ya chopereka ikhale yoti aliyense angaimbe akuyenda. Yotulukira ikhale yoti mayi adzaing'ung'udze akusenda chinangwa Lachiwiri. Inu a Seventh Day Adventist amene mumapembedza Loweruka, kuwerenga kwanu kungoyamba tsiku limodzi m'mbuyo. Mfundo ndi yomweyo.

Kenako kumanani atsogoleri a makwaya onse a pampingo, ngakhale kwa mphindi zochepa pakati pa sabata. Gwirizanani kuti ndani aimba chiyani ndiponso pati. Ngati makwaya ndi ambiri, musinthane masabata. Kwaya imene yapuma Lamulungu lino sinanyozedwe. Yapatsidwa mpata wokonzekera bwino la mawa. Ndipo musaiwale kuti kwaya yaikulu koposa m'tchalitchi ndi mpingo wonse. Ngati mapemphero atha anthu a m'mabenchi asanatsegule pakamwa, ndiye kuti mwachita chionetsero, simunatsogolere chipembedzo. Poyambitsa nyimbo ya mpingo, musaitengere kumwamba kumene amafika asopulano anu awiri okha. Itsitseni kuti agogo ndi ana aifikire. Woimba kiyibodi aphunzire kutsitsa kiyi, aphunzirenso kuchepetsa phokoso la zokuzira mawu kuti mawu a anthu amveke. Ndipo nyimbo iliyonse muidziwe popanda kiyibodi, chifukwa tsiku lina magetsi adzathima kapena batire la sola lidzatha pakati pa vesi.

Tsopano tifike pa chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu, chimene buku lililonse la nyimbo lochokera kunja silingakuuzeni. Ndandanda ya kwaya ya kunyanja iyenera kulembedwa moyang'ana nyanja.

Abesi ndi atena anu ambiri ndi asodzi. Usipa umaphedwa usiku ndi nyali, ndipo nyali imakoka nsomba bwino kukakhala mdima. Mwezi ukawala kwambiri asodzi ambiri amapuma. Mphunzitsi wanzeru amayang'ana kumwamba asanalembe ndandanda yake. Nyimbo yatsopano, yovuta, yofuna mawu onse anayi, iphunzitseni masiku a mwezi wowala, pamene amuna ali pamudzi ndipo agona tulo tokwanira. Masabata a mdima, sankhani nyimbo zimene akuzidziwa kale, kapena zimene amayi ndi atsikana angazinyamule okha. Taonani bambo uja amene amafika papulakatisi maso ali psuu, malaya akununkha utsi wa injini, zikhatho zitachekeka ndi zingwe za chilimira. Wakocheza m'bandakucha, wagulitsa nsomba, wayanika ukonde, wagona pang'ono, ndipo wabwera. Munthu ameneyu musamukalipire kuti waphonya noti. Mulandireni ndi manja awiri, mumupatse mzere umodzi woti augwire lero, wina adzaugwira mawa.

Momwemonso miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti, pamene mphepo imatsekereza mabwato pagombe masiku ena: imeneyo ndi nthawi yoti muphunzitse zambiri. Nyengo ya mvula, imene kuno kwathu ku Nkhata Bay imagwa yambiri ndi kuchedwa kusiya, mitsinje imadzaza ndipo anthu a kutsidya sangabwere madzulo. Pulakatisi ikhale masana, kapena mukangotuluka m'mapemphero. Ogwira ntchito m'minda ya raba ku Vizara kapena ya tiyi ku Kawalazi amalawirira m'mamawa, choncho musawasunge mpaka usiku. Ana a sukulu zogonera konko, monga atsikana a ku Bandawe Girls, mumakhala nawo patchuthi pokha. Akonzereni nyimbo zawo zoti adzazipeze akabwera. A Fomu 4 mayeso akayandikira, amasuleni ndi mtima woyera, ndipo muwapempherere pamaso pa anzawo. Nyimbo za Khirisimasi ziyambe mu Okutobala. Za Pasaka ziyambe chaka chikangoyamba. Inu a Katolika ndi a Anglican mukudziwa kuti Adiventi ndi Lenti zili ndi nyimbo zakezake, ndipo m'nyengo ya Lenti Aleluya amasungidwa mpaka Pasaka. Nyimbo za maliro zokha ndizo zilibe mwezi wake: zikhale zokonzeka nthawi zonse, chifukwa uthenga wa zovuta umafika usiku, ndipo anamfedwa ayenera kumva kwaya yodekha, yodziwa mawu onse, osati yosakasaka vesi yachiwiri pamaso pa bokosi.

Mukamalemba ndandanda motere, mukuchita chinthu choposa nyimbo. Mukuuza msodzi kuti ntchito yake mukuilemekeza. Mukuuza mayi kuti mukudziwa kuti chinangwa chake chili m'madzi ndipo kondowole wa ana sadziphika yekha. Kukonzekera ndi ulemu umene mumapereka kwa anthu anu, ndipo anthu akalemekezedwa amabwera.

Ulemu womwewo uonekere pa nthawi. Mukanena kuti tiyamba 3 koloko, inu mufike isanakwane, ndipo muyambe ndi anthu anayi amene alipo. Musalange ofika msanga powadikiritsa ochedwa. Mukatero masabata angapo, ochedwa aja adzasintha okha popanda kuwanyoza. Mukanena kuti titha 5 koloko, ithani 5 koloko, kuti atsikana afike kwawo dzuwa lisanalowe. Pa nkhani ya atsikanayi ndilankhule mosabisa: makolo amene akupatsani mwana wawo akupatsani chinthu chamtengo wapatali kuposa china chilichonse m'nyumba mwawo. Musaphunzitse mtsikana ali yekha m'chipinda. Paulendo wa kwaya pakhale amayi aakulu a mpingo oyang'anira. Mphunzitsi wa kwaya amene amasewera ndi ana a eni amagwetsa mpingo wonse, ndipo luso lake silingamuwombole.

Phunziraninso kukonza cholakwa popanda kuswa mtima. Aluto akasochera, musaloze munthu chala n'kunena kuti ndi uyu akutiwonongera. Imitsani gulu lonse la aluto, muwaimbire mzerewo pang'onopang'ono, abwereze, kenako muuyike pamodzi ndi sopulano kuti amve mmene mawu awiriwo amagwirirana. Amene akuvutikayo mumuimike pakati pa awiri olimba. Yambani ndi mzere wovuta anthu akadali ndi mphamvu, osati kumapeto atatopa. Ngati muli ndi foni, jambulani mawu a gulu lililonse payokha, muwatumizire pa WhatsApp kapena muwapatsire pa Bluetooth kumene netiweki imavuta, kuti azimvera ali kudimba kapena akusoka ukonde. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtsikana wamanyazi amene lero mawu ake samveka, pakatha chaka akhoza kukhala mzati wa kwaya yanu, ngati simunamuchititse manyazi tsiku loyamba. Ndipo munthu amene waphunzira kudzudzula mofatsa papulakatisi amapita nalo khalidwelo kunyumba. Mkazi wake amaliona, mwamuna wake amaliona, ana ake amakula nalo.

Za ndalama ndinene mwachidule. Makwaya ambiri sanathe chifukwa cha kusowa mawu. Anatha chifukwa cha ndalama za yunifolomu, za Pepa Sande, za kujambula chimbale. Inu mphunzitsi musasunge ndalama. Pakhale msungichuma ndi mlembi, chilichonse chilembedwe, ndipo mwezi uliwonse chiwerengedwe pamaso pa onse.

Tsopano kwezani maso, muone nthaka imene mwaimapo. Mu 1881 Dr Robert Laws ndi anzake a mishoni ya Livingstonia anasamuka ku Cape Maclear, kumene malungo anawapweteka, n'kudzakhazikika ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche. Likulu lawo linakhala pamenepo mpaka 1894 pamene anakwera ku Khondowe. Atonga analandira sukulu ndi njala yaikulu, ndipo ana a m'midzi yomwe mukuimbamoyi anakhala aphunzitsi, alembi ndi alaliki m'mayiko ambiri a kuno kummwera kwa Africa. M'masukulu a mishoni ndimo munafalikira kalembedwe ka nyimbo ka solofa, ka do, re, mi, kamene mukugwiritsa ntchito mpaka lero. Njira imeneyi anaiyamba Sarah Glover ku Norwich, ndipo John Curwen anaikonza n'kuifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840, ndi cholinga choti ana ndi anthu wamba aziwerenga nyimbo popanda chida chilichonse. Inapangidwira anthu onga ife. Ngati simunaidziwe bwino, iphunzireni chaka chino. Ngati mukuidziwa, musafe nayo nokha.

Koma makolo athu sanangolandira nyimbo za ku Scotland n'kukhala chete. Ku Loudon, kumene lero timati Embangweni, Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo ndipo ankachititsa mipikisano pamisonkhano yaikulu. Anthu onga Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula anatenga mayimbidwe a kwawo n'kuikamo Uthenga Wabwino. Nyimbo zawo zinalowa m'buku la Sumu za Ukhristu, ndipo zina Tom Colvin anazimasulira m'Chingerezi, moti lero zimaimbidwa m'matchalitchi a ku Scotland komwe kunachokera amishoni. Anthu amenewa analibe kiyibodi, analibe situdiyo. Anali ndi khutu, chikhulupiriro ndi chilankhulo cha amayi awo.

Nanga inu mukudikira chiyani? Bwanji kwaya ya ku Kande izingokopera nyimbo za pa wailesi za ku Lilongwe ndi ku Joni, kusintha mawu awiri n'kumati yapeka? Pekani m'Chitonga. Pekani m'Chitumbuka inu a ku Usisya ngati ndicho chili pakamwa pa anthu anu, pekani m'Chichewa ngati mpingo wanu ndi wosakanikirana. Popeka, yambani mwalankhula mawuwo mokweza monga mmene mungauzire mnzanu panjira, mumve pamene liwu likukwera ndi pamene likutsika, pamene likukoka ndi pamene likudumpha. Zilankhulo zathu zili ndi nyimbo yake kale m'kati mwake, ndipo maimbidwe akatsatira kalankhulidwe, mpingo umagwira nyimboyo tsiku lomwelo. Akatsutsana nako, anthu amaimba koma samva chimene akunena. Ndipo imbani za moyo umene anthu anu akuudziwa: za mayi amene mwamuna wake ali ku Johannesburg zaka zambiri osabwera, za bwato limene mwera walipeza pakati pa nyanja, za mnyamata amene wamaliza sukulu koma ntchito kulibe. Mulungu wa anthu amenewa akufuna kutamandidwa ndi mawu awo.

Mbiri ya dera lino ili ndi chenjezo limodzi limene mtsogoleri aliyense ayenera kulimva. Elliot Kamwana, mwana wa kuno amene anaphunzira ku Bandawe ndi ku Khondowe, anabwerera kwawo mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, ndipo m'miyezi yochepa anabatiza anthu pafupifupi 10,000 boma la atsamunda lisanamuchotse mu 1909. Olemba mbiri amatchula zifukwa zingapo, koma chimodzi chimabwerabwera: anthu ambiri anali atatopa ndi kudikira zaka m'makalasi asanaloledwe kubatizidwa. Munthu amene wadikiritsidwa nthawi yaitali pakhomo amapita kumene chitseko chatseguka. Yang'anani m'kwaya mwanu. Alipo mnyamata amene wakhala kumbuyo zaka zinayi, amadziwa nyimbo iliyonse, amamenya nthawi ndi chala pabenchi, koma simunamupatsepo mpata woimbitsa kwaya ngakhale kamodzi. Alipo mtsikana amene amapeka nyimbo m'kope la masamu koma amaopa kukuonetsani. Mukapanda kuwatsegulira, adzapita, ndipo mudzati achinyamata a masiku ano alibe chidwi.

Atsegulireni! Dera lino anthu amayenda. Kuyambira masiku a Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anakayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ana a Nkhata Bay akhala akupita kummwera kukafuna ntchito, ndipo mpaka lero basi ya ku Joni imanyamula atena ndi abesi athu. Mawa ikhoza kunyamula inu. Kodi mukachoka, kwaya idzaimba Lamulungu lotsatira? Ngati yankho ndi lakuti ayi, ntchito yanu sinathe. Sankhani awiri, mnyamata ndi mtsikana. Muziwatenga popita kwa abusa Lolemba. Aphunzitseni kupereka noti yoyambira, kuwerenga solofa, kumenya nthawi. Kamodzi pamwezi muwasiyire nyimbo imodzi, inu mukaime pakati pa abesi n'kumaimba ngati wina aliyense. Akalakwitsa, mukakambirane kuseri. Akachita bwino, muwayamikire pagulu. Ndipo amene apita ku Joni aja musawafufute m'kaundula. Atumizireni nyimbo zatsopano pafoni, chifukwa kumeneko akukumana ndi anzawo a kumudzi m'mapemphero, ndipo chimene munawaphunzitsa pansi pa mtengo wa mango chikuimbidwa m'mayiko a eni.

Musadziderere chifukwa chida chanu ndi kope la sukulu lokhala ndi masamba opindika ndi chinyezi cha kunyanja. Enoch Sontonga anali mphunzitsi ndi wotsogolera kwaya pasukulu ya mishoni ya Methodist pafupi ndi Johannesburg. Mu 1897 anapekera ana a sukulu yake nyimbo ya Nkosi Sikelel' iAfrika, ndipo nyimbo zake ankazilemba m'solofa m'kope. Anamwalira mu 1905 ali wachinyamata, asanaone kumene nyimboyo idzafike. Lero ili m'nyimbo ya fuko la South Africa, ndipo maimbidwe ake ndi amene ali m'nyimbo za fuko za Tanzania ndi Zambia. Inafika kutali chonchi chifukwa inalembedwa ndi kuphunzitsidwa kwa ana.

Choncho lembani. Gulani kope lachikuto cholimba, mulisunge m'pepala la pulasitiki. Kumayambiriro lembani ndandanda ya miyezi itatu ikubwerayi: tsiku, ndime yowerengedwa, nyimbo, kwaya yoimba, ndi masiku a mwezi wowala. Kumapeto lembani nyimbo zimene kwaya yanu yapeka, dzina la wopeka ndi chaka chake. Kenako pitani kwa agogo a mumpingo mwanu, aja amene anaimba m'kwaya inu musanabadwe. Pali nyimbo za Chitonga zimene zili m'mitu mwawo mokha, zimene sizili m'buku lililonse. Akhazikeni pamphasa, muwapemphe kuti, "Agogo, tiimbireni ija munkaimba pa mgonero," ndipo mujambule pafoni, mulembe mawu ndi solofa yake, muiphunzitse kwaya, agogowo akadali moyo kuti akukonzeni pamene mwaphonya. Mulembe makope awiri. Limodzi likhale kwa inu, lina kwa mlembi wa mpingo, ndipo achinyamata awiri mwasankha aja aphunzire kuliwerenga chaka chino chisanathe.